Kodi Mukugulitsa?

Ku America amalonda a galimoto ali ndi kachitidwe kena kamene kwa ife kangamveke ngati nthabwala. Munthu amene anagula galimoto zaka zitatu kapena zinayi zapitazo amangoona kalata yafika kuchokera ku kampani yogulitsa galimoto. M'kalatamo muli dzina lake lenileni, mtundu wa galimoto yake ndi chaka chimene inapangidwa. Akuti galimoto ngati yakeyo ikusowa, pali kasitomala amene akuisaka, ndipo iwo ali okonzeka kupereka ndalama zabwino bola abwere nayo mwezi usanathe. Mwini wakeyo sanauzepo munthu kuti akugulitsa, mwinanso anali asanaganizeko n'komwe. Kawirikawiri kasitomala wotchulidwayo amakhala wa m'kalata momwemo. Chimene eni kampani akufuna n'chakuti munthuyo alowe pachipata, aone zatsopano zili waliwali, asiye yakaleyo, atuluke ndi ina pamodzi ndi ngongole ya zaka zisanu. M'chaka cha 2021 makalatawa anayamba kunenako zoona. Mafakitale anasowa tizipangizo ta kompyuta timene amaika m'galimoto zatsopano, ndipo mitengo ya galimoto zakale inakwera ndi gawo loposa limodzi mwa magawo atatu m'chaka chimodzi chokha. Ena anagulitsa pa mtengo woposa umene anagulira, n'kusangalala, kenaka n'kupeza kuti ndalamazo sizikukwana kugulira ina.

Kuchigwa kwathu kuno, m'mbali mwa msewu wa M5 kuyambira pa Golomoti, kudutsa pa Mua mpaka pa Mtakataka, kalata yotere siingafike. Ingadzere ku bokosi liti? Ambiri tinkalandirira makalata ku bokosi la sukulu kapena la parishi, ndipo masiku ano ngakhale amenewo anauma. Koma uthenga wake umafika ndithu, umabwera ndi miyendo. Bambo atsika chitunda cha Khwekhwerere mabuleki akununkha, aima pa Golomoti kuti galimoto ipumeko iwo akugula tomato. Mnyamata wina wovala bwino, foni ziwiri m'manja, ayamba kuizungulira. Agunda tayala ndi nsapato, asuzumira pawindo kuti aone makilomita, awerama kuyang'ana ngati pansi pakudontha oilo.

"Mwaswera bwanji madala? Koma galimoto mumaisamala inu. Ndi ya chaka chanji imeneyi?"

"Sindikugulitsa, achimwene."

"Ayi, ndangofunsa. Koma mutati muisiye, mungaisiye pa zingati?"

"Ndati sindikugulitsa."

"Palibe vuto madala. Ingosungani nambala yangayi, za mawa sizidziwika."

Mnyamatayo nthawi zambiri alibe ndalama yogulira ngakhale tayala limodzi. Ndi dobadoba. Akangoijambula pafoni, madzulo omwewo chithunzi chikhala chikuyenda pa WhatsApp ku Lilongwe, iye ataikapo kale yake ya pamwamba. Koma za iye tisiye kaye. Ine chimene chimandigwira mtima ndi zimene zimachitika m'mutu mwa madala aja akalizanso injini. Akana kawiri, ndipo akana kuchokera pansi pa mtima. Komabe asanafike pa mlatho wotsatira ayamba kuwerengera. Sanafune kutero, nambala yangobwera yokha. Kaphokoso ka kumbuyo kamene akhala nako chaka chathunthu osakalabadira, lero akukamva ngati ndalama imene wogula adzachotsere. Mng'alu wa pagalasi, umene ngakhale ana anauzolowera, wasanduka chilema. M'mawa galimotoyi inali yopitira kutchalitchi, kumunda ndi kuchigayo. Tsopano aiona ndi maso a munthu wina, ndipo maso obwereka oterewa sabwezeka msanga.

Tisabise, funsolo limakomanso. Munthu akasirira chinthu chako ndiye kuti wakuuza kuti unasankha bwino. Kumudzi anthu amayamikira mochenjera, kuopa kuti mawa chinthucho chikawonongeka angawaloze chala. Ndiye mlendo akaima pagulu n'kunena mokweza kuti galimoto mumaisamala, mtima umayera ngakhale pakamwa pakukana. Olemba makalata aja amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amayamba ndi dzina lako ndipo sayerekeza kutchula zaka za galimotoyo ngati ukalamba.

Galimoto zambiri zimene zimayenda mumsewu uno zinagulitsidwapo kale kangapo zisanaone fumbi la kuno. Sienta, Probox, Vitz, Freed, Hiace, Vanette, pafupifupi zonsezi zinayambira ku Japan. Kumeneko lamulo limati galimoto ya banja ikayesedwe ikatha zaka zitatu, kenaka zaka ziwiri zilizonse, ndipo kuyesako pamodzi ndi misonkho yake n'kodula moti ambiri amaona kuti kuli bwino kungoisiya n'kutenga ina. Yosiyidwayo ipita ku okushoni, igulidwa ndi makampani ngati Be Forward kapena SBT, ikwera sitima ya pamadzi mpaka ku Dar es Salaam, kenaka mnyamata wa kuno aiyendetsa usana ndi usiku kudzera ku Mbeya mpaka pa chipata cha Songwe, pamene a MRA amaiwerengera msonkho. Mwayi wathu ndi woti a ku Japan amayenda kumanzere ngati ife, chiwongolero chili kumanja. Ikafika kuno wailesi yake imakhala ikulembabe Chijapani, ndipo zina ukangotembenuza kiyi kamawu ka mayi kamalankhula kuchokera pansi pa chiwongolero, popanda ndi mmodzi yemwe womva zimene akunena. Amene anaisiya ku Nagoya kapena ku Yokohama sanalotepo kuti tsiku lina idzanyamula matumba a mpunga wa ku Bwanje, wothiriridwa ndi madzi a Namikokwe pa sikimu ya mahekitala 800 imene dziko lake lomwelo linathandiza kumanga kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Kwa iye galimotoyo inali itatha ntchito. Kwa aphunzitsi amene anaisonkhera ndalama zaka zambiri, n'kuwonjezera ndi ngongole ya ku SACCO, ndi yatsopano, ndipo Lamulungu loyamba amapita nayo kwa abambo mfumu kuti akaiwaze madzi odalitsa. Chitsulo chake n'chimodzimodzi, makilomita ake omwewo.

Katswiri wa zachuma wa ku America, George Akerlof, analemba nkhani yotchuka m'chaka cha 1970 yokhudza msika wa galimoto zakale, ndipo ndi imodzi mwa ntchito zimene zinamupezetsa mphoto ya Nobel mu 2001. Mfundo yake inali yoti wogulitsa amadziwa matenda a galimoto yake pamene wogula sawadziwa. Poopa kupusitsidwa, wogula amatchula mtengo wotsika pa galimoto iliyonse, yabwino ndi yoipa yomwe. Mwini galimoto yabwino akamva mtengowo amabwerera nayo kunyumba, ndipo pamsika pamatsala zodwala zokhazokha. Aliyense amene anagulako galimoto yopakidwa penti dzulo, injini itathiridwa oilo wolimba kuti isafuke utsi, avomereza kuti mkuluyu sananame. Koma iye ankaganiza za munthu amene wanyamuka yekha kukagulitsa. Wogula akabwera yekha pakhomo osaitanidwa, zinthu zimatembenuka. Mwini galimoto amadziwa dzulo lake lonse: tsiku limene inatentha pa chitunda, makaniko amene anaimasula giya, tayala limene lili ndi chigamba. Wobwerayo amadziwa mawa: mtengo umene galimoto yotere ikupita ku Lilongwe sabata ino, mtengo wa injini yake yokha kwa ogulitsa masipeyala ku Biwi, ndi mmene dola ikugulidwira kuseri kwa banki. Pa zidziwitso ziwirizi, chimene chimalemeretsa munthu ndi chachiwiricho.

Tiwerengere limodzi. Kumayambiriro kwa 2022 dola imodzi inkagulidwa pafupifupi K820 kubanki. M'mwezi wa May chaka chomwecho kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu November 2023 Reserve Bank inaichepetsanso ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Tiyerekeze galimoto ya madola 3,000 pa intaneti. Kumayambiriro kwa 2022 imeneyo inali pafupifupi K2.5 miliyoni, osawerengera msonkho ndi ulendo wochokera kudoko. Pakutha pa 2023 yomweyo inali itapitirira K5 miliyoni, ndipo apa tikunena za munthu wamwayi amene wapeza dola kubanki, pamene ambiri amakaipeza kumsika wamdima pa mtengo woposa pamenepo. Msonkho nawo umakwera motsatira. Ndiye dobadoba akabwera n'kutchula ndalama yoposa imene madala anagulira, sakunama, ndipo madala akamva kutentha m'chifuwa sakulakwa. Chinthu wachigwiritsa ntchito zaka zitatu, chakalamba, koma akukupatsa zambiri kuposa zimene unatulutsa! Cholakwika chili pa muyeso. Munthu amayeza ndi mtengo umene anagulira chifukwa ndi umene amaukumbukira, anautuluka thukuta. Mtengo wogulira ina sanaumvepo m'thupi, ndi nambala chabe ya pafoni. Amadzaumva ndalama zija zili kale m'thumba, zitayambanso kubenthuka: pang'ono fizi, pang'ono malata, pang'ono mlamu amene wamva kuti kwagwa ndalama.

Anthu a kuchigwa kuno funso limeneli analidziwa galimoto zisanachuluke. Mpunga ukangoyamba kucha, mavenda amakhala atafika kale ndi masikelo awo, ena ndi ndowa zimene pansi pake anapamenya kuti pakule. Mu January ndi February, nkhokwe zili mbee, mwana wabwezedwa kusukulu, amafika ofuna mbuzi, ofuna ng'ombe, ngakhale ofuna mbewu imene idakali m'munda. M'mphepete mwa nyanja mumafika ofuna malo. Onsewa ali ndi luso limodzi, lodziwa nyengo. Sabwera tsiku limene munthu walandira ndalama za thonje. Amabwera pamene mayi agonekedwa kuchipatala, pamene katapila wakhwima, pamene a banki mkhonde anena kuti Lachisanu abwera kudzazula chitseko. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo mwambiwu ukanatilimbitsa mtima, chifukwa amene wayenda ulendo kudzagogoda ndiye kuti iyeyo ndi amene akufuna chinthucho. Koma wogula wochenjera amadikira kuti m'mimba mupweteke mwa mwini nyumba, atsekule yekha, ndiye zizioneka ngati wathandizidwa.

Sindikufuna kuwasandutsa afiti anyamatawa. Pa tsiku limene munthu akufuna ndalama dzuwa lisanalowe, amene amafika nazo m'manja ndi iwowo. Banki ifuna chikole ndi masabata, abale alonjeza, ADMARC itsekula msika mochedwa kapena itsekula ilibe ndalama. Venda alipira pompo. Nayenso ali ndi chiopsezo chake: akhoza kugula galimoto imene injini yake inoka asanafike pa Chipoka, kapena yamapepala achinyengo, n'kukagona m'chitolokosi. Ndipo pali anthu amene anapulumutsa moyo wa mwana, kapena kumaliza digiri ya mtsikana wawo, chifukwa choti wina anafunsa funso lija pa nthawi yake. Amene sanagonepo ndi njala asafulumire kuseka wogulitsa motchipa.

Komabe pali chinthu chimodzi chimene mtengo wa dobadoba suwerengera, ndipo sungathe kuwerengera. Kuchigwa kuno galimoto siikhala ya munthu mmodzi, ngakhale bulubuku litchule dzina limodzi. Boma lathu lili pamwamba pa phiri, kupitirira mamita 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene ife tili pansi kufupi ndi nyanja ya Malawi imene ili pa mamita osakwana 500. Kuti munthu akafike kwa DC kapena kuchipatala chachikulu cha boma ayenera kukwera Khwekhwerere ndi makhotolo ake onse, apo ayi alunjike ku Salima. Njanji inadutsa muno m'ma 1930, koma palibe amene amadikira sitima mayi akayamba kumva zowawa. Pakati pa usiku anthu amathamangira pakhomo pamene pali galimoto. Sagogoda mwaulemu, amamenya zenera. Mwini wake adzuka, avala malaya mozondoka, ayala chitenje kumpando wakumbuyo, azimayi awiri akwera ndi beseni, ulendo wa kuchipatala cha ku Mua. Za mafuta adzakambirana kukacha, mwinanso osakambirana n'komwe. Galimoto yomweyo idzanyamula bokosi kuchokera kwa kalipentala, idzatenga ankhoswe pa chinkhoswe, idzaperekeza mwana wosankhidwira kusekondale ndi matiresi ake padenga. Ikagulitsidwa, ndalama alandira mmodzi, koma amene ataya ndi mudzi wonse, ndipo palibe amene anawafunsa.

Mawuwa akumveka okoma kwa amene alibe galimoto. Mwini wake ali ndi yake nkhani. Ndi iye amene amagona pamzere wa mafuta ku Salima pamene petulo wasowa, kapena kugula wa m'zigubu wosadziwika chimene asakanizamo. Ndi iye amene amalipira inshuwalansi ndi COF, amene amaimitsidwa pa rodibuloko, amene amasintha mashoko mvula ikakumba msewu. Akapempha ya mafuta pa maliro, mawa amva kuti ndi woumira. Akakana ulendo umodzi chifukwa tayala latha, amva kuti galimoto yamukweza mapewa. Ikayenda bwino zaka zambiri, ena ayamba kunong'ona kuti pali chizimba. Ndinamvapo bambo wina akunena, atagulitsa yake, kuti usiku umenewo anagona tulo timene anali atatiiwala. Kwa munthu wotere funso la dobadoba limakhala ngati khomo lothawira, ndipo chimene akugulitsa kwenikweni ndi udindo umene sanaupemphe. Mudzi umene umadandaula galimoto ikapita uyenera kudzifunsa kuti pamene inalipo unaponyapo zingati za tayala.

Makolo athu galimoto anaiona kalekale kuti si chinthu wamba. M'gule wamkulu muli chilombo chotchedwa Galimoto, chimene chimatuluka pabwalo pamodzi ndi zilombo zakale, ndipo amene akufuna kumvetsa za dziko la zilombozi amapita ku Kungoni pa Mua, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976 pa mishoni imene ansembe a White Fathers anatsekula mu 1902. Dambwe silitenga chinthu chopanda kanthu. Chimene chalowa m'gule ndiye kuti chasuntha mudzi: chabweretsa alendo, chatenga ana kupita nawo kutali, chapatula olemera ndi osauka, chabweza ena ali m'bokosi. Kale mtchona wochokera ku Wenela ankadziwika ndi njinga ndi wailesi. Lero wochokera ku Joni amadziwika ndi galimoto ya nambala ya GP imene imafika pa Khirisimasi. Ina imabwerera mu January, ina imagulitsidwa konkuno ndalama za ulendo zikatha.

Palinso china chimene sitikonda kunena poyera. Kuno ambiri timatsata mbumba, ndipo mwamuna akakwatira amakakhala kwa mkazi. Mkamwini amanga nyumba pa nthaka ya eni, adzala mango pa nthaka ya eni, akumba chitsime pa nthaka ya eni. Banja likatha, kapena mkazi akatsogola, zonsezo zimatsala. Chimene angachoke nacho ndi chimene chili ndi matayala. Ndiye mukaona bambo akukana ndalama zambiri pa galimoto imene ikumudyera ndalama mwezi ndi mwezi, musafulumire kunena kuti sadziwa masamu. Mwina pa zonse zimene wagwirira ntchito zaka makumi awiri, chinthu chokhacho chimene palibe malume wa munthu angachiloze ndi ndodo n'chimenecho. Nawonso amayi ali ndi masamu awo: galimoto ikhoza kupita ndi mwamuna kwa mkazi wina, pamene ndalama yake itasanduka malata kapena chigayo ikhala ya ana. Dobadoba akamayembekeza yankho pafoni sadziwa kuti funso lake lagwera pakati pa nkhani imene banjalo lakhala likuizemba kuyambira tsiku la ukwati.

N'chifukwa chake yankho limene ndimalilemekeza kwambiri ndi lija limakwiyitsa ogula: "Ndikafunse kaye kunyumba." Kalata ya ku America imalembedwa kwa munthu mmodzi, imamupatsa masiku owerengeka, ndipo imafuna kuti aganize ali yekha. Dobadoba naye amatero: ndalama ndili nazo lero lokha, pali ina ndaiona ku Ntcheu, bwana wanga akunyamuka mawa. Changu chimenechi ndi chida chake chachikulu. Munthu akati akafunse kaye, wogula amamuona ngati wolamulidwa ndi mkazi, koma amene wachita n'kubweza nkhaniyo kwa onse amene galimotoyo imawanyamula. Kunyumba kuli wina amene adzafunsa kuti tikagulitsa, agogo akadwalanso tidzatani. Kuli mwana wa ku koleji amene adzatsekula foni n'kuonetsa mtengo wa galimoto yomweyo lero. Kulinso wina amene adzanena kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, tengani ndalamazo injini isanagwe. Akhoza kugwirizana zogulitsa ndithu, ndipo mwina n'kukhala kuti achita bwino. Koma adzakhala atayeza ndi miyeso ingapo, osati umodzi wokha umene mlendo anabwera nawo.

Si kukana konse kumene kuli nzeru. Yendani m'midzi ya m'mbali mwa msewuwu muone galimoto zimene zinakhala pa miyala. Pikapu ili pansi pa mtengo wa bwemba, matayala anachotsedwa kalekale, nkhuku zikuikira pampando wa dalaivala, ana akusinthana chiwongolero akulira ngati injini. Inafa ndi kachipangizo kamodzi, mwini wake anati akalandira ndalama za mpunga aidzutsa. Ogula anabwera chaka choyamba, anakana. Anabwera ofuna injini yokha, anakana. Kenaka batire inapita kukayatsa wailesi, sitata inabwerekedwa osabwerera, mawaya anadyedwa ndi makoswe. Tsopano amene amafunsa ndi anyamata ogula zitsulo zakutha, amene sayang'ana chaka kapena mtundu, amangoyeza pa sikelo. Zina mwa galimotozi ndi za malemu, ndipo ana amaopa kuti woyamba kutchula zogulitsa adzaoneka ngati ankadikira imfayo. Zina eni ake alipo, ndipo malingana ngati chitsulocho chili pabwalo, iwo akadali bambo aja a galimoto. Ndimawamvetsa, koma sindingawayamikire. Galimoto imene sikuyenda siinyamula wodwala aliyense. Yasiya kukhala ya mudzi, yatsala ya dzina la munthu mmodzi, ndipo ndalama imene ikanagula njinga yamoto ya kabaza yoti mnyamata wa pakhomopo azidyerapo ikudyedwa ndi dzimbiri.

Pa Khwekhwerere pomwepo, m'mbali mwa msewu, pali amisiri amene amasema tigalimoto ta matabwa, ma Land Rover okhala ndi zitseko zotsekuka, mathirakitala, njinga ndi ndege. Iwowa funso la mtengo siliwasowetsa tulo. Chinthucho anachipanga kuti chipite, ndipo wogula akaima amamwetulira ndi mtima wonse. Kuwawa kumene tikunenaku kumabwera pokhapokha pamene chinthu chalowa m'moyo wa munthu mpaka waiwala kuti chinagulidwa, kenaka wina n'kumukumbutsa kuti chikhoza kugulidwanso.

Amene agulitsa amakumana nayo galimoto yawo. Dera lathu ndi la msewu umodzi, ilibe kothawira. Sienta imene inkanyamula banja la anthu asanu ndi awiri Lamulungu, pakatha mwezi imapezeka pa siteji, woitanira akukuwa za Salima, m'katimo anthu khumi ndi awiri, dengu la usipa likudontha kumbuyo. Mwini wake wakale akwera, alipira ngati wina aliyense, ndipo kondakitala akamalimbana ndi chitseko amalakalaka kumuuza kuti chimafuna kuchinyamula pang'ono usanakoke. Ena amanena, ena amangoyang'ana kunja.

Ndipo nthawi zambiri dzina lawo limakhala likuyendabe nayo. Malonda a pansi pa mtengo amathera pa kapepala kolembedwa ndi bolopeni, mboni ziwiri, kiyi ndi bulubuku n'kuperekedwa. Kusintha umwini kumafuna kuti apite ku Road Traffic, kumene makina a MalTIS amafuna chiphaso ndi zala, ndiponso pali ndalama yolipira. Wogula amati tidzapita mwezi wa mawa ndikapeza ya thiransipoti. Mwezi wa mawa galimotoyo ili kale m'manja mwa munthu wachitatu, amene wogulitsa woyamba sanamuonepo. Ikadzagunda munthu pa Sharpevale dalaivala n'kuthawa, kapena ikadzagwidwa ndi matumba a makala usiku, apolisi akafufuza nambala ya galimotoyo adzapeza dzina la madala aja, ndipo ndi iwo amene adzayambe kufunsidwa, ndalama zija zitatha chaka chatha.